Sabata imodzi ku Harare, kutsatira katundu wopita kumudzi

Lolemba

Kwacha kozizira. Harare ali pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mwezi wa Meyi uno sungatuluke m'mawa wopanda jekete. Tayambira ku Mbare Musika, poti ndi kumene katundu wa anthu wamba amaunjikana asanalowe msewu wa ku Nyamapanda. Chichewa pano suchita kuchifunafuna. Ena ochiyankhula ndi obadwira konkuno ku Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara, zidzukulu za makolo amene adabwera wapansi kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya ndi m'migodi. Ena atsika basi usiku wathawu ndipo mawa lomweli akubwerera.

Kuchoka pano kukafika ku Blantyre ndi makilomita 600 ndi pang'ono. Pafupifupi 240 mwa amenewa ndi okafika pa Nyamapanda, kenako umadutsa chigawo cha Tete m'dziko la Mozambique kuyambira pa Cuchamano mpaka pa Zobue, n'kulowa kwathu pa Mwanza. Basi ikapanda kukodwa imauyenda tsiku limodzi. Koma pa mtunda waufupiwu pali mayiko atatu ndi maofesi anayi a kasitomu, ndipo ofesi iliyonse ili ndi mafunso ake.

Wamalonda ang'onoang'ono ali ndi chomuthandiza chimene ambiri sachidziwa bwino. Malawi ndi Zimbabwe onse ali m'bungwe la zamalonda la COMESA, ndipo pa Nyamapanda ndi pa Mwanza pamagwira ntchito ndondomeko yotchedwa Simplified Trade Regime. Katundu wosapitirira madola 2,000 a ku America, wopangidwa kapena wolimidwa m'dziko limene ukuchokera, komanso wopezeka pa mndandanda umene mayiko awiriwa adagwirizana, amalowa pa fomu yaifupi popanda msonkho wolowetsera katundu ndiponso popanda kulemba ejenti wokonza mapepala a kasitomu. Misonkho ina ya m'dziko monga VAT imakhalapobe, ndipo apa ndi pamene mkangano umayambira, munthu akuti adamva kuti zonse n'zaulere.

Cholakwika chachikulu chimachitikira pomwe pano popakira. M'chikwama chimodzi munthu amasakaniza katundu wopangidwa ku Zimbabwe ndi nsapato za ku China ndi mabulangete a ku Johannesburg. Wakasitomu akatsegula, chikwama chonse chimasanduka chokayikitsa, basi yonse n'kuima kudikira munthu mmodzi. Mayi wina taona akuchita zoyenera: katundu wa konkuno payekha, wochokera kwina payekha, thumba lililonse lolembedwa nambala ndi cholembera chakuda mbali zonse ziwiri, ndipo nambala zomwezo zili m'kakope limodzi ndi marisiti ake atakulunga m'pepala la pulasitiki. Mnyamata womunyamulira atafuna kuthira zotsala m'thumba lapafupi, adamuletsa: "Ayi mwanangu, izo za nambala 4 zibwerere ku 4." Pa boda mayi ngati ameneyu satha mphindi zambiri.

Wotumiza katundu popanda mwini wake aonetsetse kuti risiti yeniyeni yapita ndi katunduyo. Chithunzi cha pa WhatsApp chimathandiza, koma foni ikazima kapena netiweki ikasowa pa Zobue, katoni imatsala pamenepo basi n'kupita.

Lachiwiri

Lero tsiku lonse tinali m'mayadi a mathiraki ku Southerton ndi Workington, kumene kuli mafakitale ndi nyumba zosungira katundu. Nkhani yake ndi kulemera.

Msewu sumva kulemera kwa thiraki yonse, umamva chimene ekiselo iliyonse ikuupanikiza nacho. Malire amene mayiko a SADC amatsata ndi awa: ekiselo yakutsogolo yowongolera matani 8, maekiselo awiri oyandikana matani 18, atatu oyandikana matani 24, ndipo galimoto yonse isapitirire matani 56. Hosi (mutu wa thiraki) ya maekiselo atatu yokoka thirela ya maekiselo atatu imathera pa matani 50. Mukachotsapo kulemera kwa galimoto yopanda kanthu, katundu amatsala pa matani 30 kapena kuposerapo pang'ono. Kwa matumba a makilogalamu 50, amenewo ndi matumba 600.

Taimirira nthawi yaitali pa thiraki imodzi imene amapakira matumba otere. Anyamata opakira amakonda kuyambira kutsogolo kwa thirela, kuunjika mulu wautali, kenako akatopa kumbuyo kumachepa. Mukawerenga matumba akwana 600, mapepala ali bwino, koma pa sikelo maekiselo awiri akumbuyo kwa hosi apitirira 18 pamene atatu a thirela sanafike 24. Chindapusa chimabwera ngakhale kulemera konse kuli mkati mwa lamulo, ndipo thiraki siyichoka pa sikelo mpaka matumba atasunthidwa. Kusuntha matumba 40 pambali pa msewu, kumasula tenti ndi malamba n'kumanganso, ndi theka la tsiku ndi ndalama za aganyu. Dalaivala wachikulire amene amayang'anira ntchitoyi sadakhale m'galimoto. Adakwera pa thirela, kuwerenga mizere ndi chala, n'kuuza kapitawo kuti, "Achimwene, mizere iwiri iyi itsike ndi thumba limodzi, mukaike kumbuyoko." Zidatenga mphindi khumi basi.

Dizilo nayenso amalemera. Lita imodzi ndi pafupifupi magalamu 840, ndiye matanki a malita 1,000 odzaza ndi makilogalamu 840, ndipo ambiri mwa iwo amagwera pa ekiselo yakutsogolo ndi ya pakati. Amene amayeza thiraki matanki ali theka, kenako n'kukamwetsa mpaka pakamwa, amadabwa pa sikelo yoyamba. Yezani mutamwetsa kale. Ngati hosi ili ndi fifth wheel (chitsulo chokolekapo thirela) yosuntha, kuikankhira kumbuyo pang'ono kumapepuza kutsogolo, kuibweretsa kutsogolo kumapepuza pakati, ndipo izi zichitikire m'yadi muno momwe muli sikelo yoyesera.

Kontena ili ndi msampha wakewake. Ya mafiti 20 yopanda kanthu imalemera matani awiri ndi pang'ono, ndipo pa sitima ya pamadzi imaloledwa kufika makilogalamu 30,480 yonse pamodzi. Wogulitsa ku Guangzhou kapena ku Dubai amadzaza matailosi mpaka pamenepo chifukwa kwa iye palibe cholakwika. Ikatsika padoko, kulemera konseko kuli pa mamita asanu ndi limodzi okha, ndipo ikaikidwa molakwika pa thirela gulu limodzi la maekiselo limapitirira. Woitanitsa katundu wolemera auze wogulitsa malire a pamsewu asanatseke chitseko cha kontena, chifukwa ikatsekedwa ndi chidindo, kuitsegula m'njira ndi mlandu wina.

Pa ulendo wa mayiko atatu, pakirani motsatira dziko limene sikelo yake ndi yovuta kuposa onse. Kudutsa bwino sikelo ya ku Zimbabwe sikukupulumutsani pa ya ku Mozambique kapena ya pa Mwanza.

Lachitatu

Mvula kulibe, msewu ndi wouma, koma m'yadi imodzi tawerenga mathiraki odzaza kale, omangidwa tenti, ongoima. Onsewa akudikira mapepala. Pa njira iyi maola amene matayala akuzungulira ndi ochepa poyerekeza ndi maola amene thiraki yaima, ndipo mtengo wa feteleza ndi simenti ku Limbe umakwera ndi kuimako.

Katundu wogulidwa ku Zimbabwe kuno wopita ku Malawi amafuna invoice, mndandanda wa zopakiridwa, fomu ya CD1 yosonyeza kuti ndalama zakunja zidzabwera, chikalata cha kasitomu cholowetsedwa mu kompyuta ya kasitomu yotchedwa ASYCUDA World, ndi manifesiti ya wonyamula (mndandanda wa katundu amene ali m'galimoto). Ngati mukufuna kuchotseredwa msonkho pamafunikanso satifiketi yosonyeza kumene katundu adapangidwa. Ilipo ya COMESA, ilipo ya SADC, ndiponso pali pangano la malonda la mayiko awiriwa la 1995, ndiye ejenti wa ku Malawi anene msanga imene akufuna kugwiritsa ntchito. Mbewu, chimanga, zipatso ndi zina zakumunda zimafuna satifiketi ya zaumoyo wa zomera ndi chilolezo cholowetsera chochokera ku Malawi. Chilolezocho chimatengedwa thiraki isananyamuke. Amene amati tikaonera konko amakagona pa Mwanza sabata yathunthu katundu akufuka mu tenti.

Kumbali yathu mwini katundu akhale ndi nambala ya wolipira msonkho ya ku MRA, ejenti alowetse fomu ya kasitomu yotchedwa Form 12, ndipo katundu wina amayenera kuonedwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Ejenti wodziwa ntchito amalowetsa zonsezi thiraki ikadali ku Harare, kuti ikamafika pa Mwanza msonkho ukhale utawerengedwa kale.

Pakati pali Mozambique, ndipo apa anthu amaiwala zinthu ziwiri. Choyamba, dzikoli sili mu COMESA, ndiye Yellow Card, inshuwalansi imene imagwira ntchito ku Zimbabwe, Zambia ndi Malawi, siyikuphimbani pa msewu wa Tete. Mugula ina ya kumeneko. Chachiwiri, katundu wongodutsa amafuna chikalata chakechake chodutsira ndi bondi (chikole cha msonkho), zolowetsedwa ndi ejenti wa kumeneko amene amamutcha despachante, kudzera pa kompyuta ya kasitomu yotchedwa Janela Única Electrónica. Choncho katundu mmodzi ali ndi maejenti atatu m'mayiko atatu, ndipo onsewo ayenera kulemba nambala zofanana.

Zimene zimaimitsa thiraki nthawi zambiri n'zazing'ono kwambiri. Nambala ya thirela yalembedwa ya thirela ina chifukwa kampani idasintha galimoto usiku. Invoice ikuti matumba 600, manifesiti ikuti 598. Kulemera kwa katundu yekha kwalembedwa pamalo a kulemera kophatikiza zokutira. Nambala ya chidindo cha kontena yaphonya chilembo chimodzi. Kukonza chilichonse mwa izi kumafuna kuti chikalata chibwerere kwa amene adachilowetsa, ndipo zikagwa Lachisanu masana ndiye kuti mpaka Lolemba. Dalaivala asananyamuke atenge mapepala onse, aime kutsogolo kwa galimoto yake, ayerekeze nambala iliyonse ndi chimene maso ake akuona. Ndi ntchito ya mphindi 15.

Mathiraki ochokera ku Durban ndi Johannesburg opita ku Malawi ali pa lamulo lina. Iwo ku Zimbabwe akungodutsa, ndiye pa boda ya Beitbridge a kasitomu a Zimbabwe, a ZIMRA, amawatsegulira chikalata cha Removal in Transit chokhala ndi bondi, ndipo amapatsidwa masiku atatu kuti atuluke. Kuyambira 2017 ambiri amamangidwa chidindo chamagetsi chimene chimaonetsa pa kompyuta pamene galimoto ili. Ndi kabokosi kolimba kokhala ndi chingwe chachitsulo chimene amachikoleka pa zitseko za kontena kapena pa mavavu a thanki. Njira yake imakhala yolembedwa kale. Kukhota kukaona abale ku Mufakose ndi katundu woteroyo n'kulakwa, ngakhale kwa ola limodzi. Galimoto ikaonongeka m'njira, uzani a kasitomu ndi ejenti nthawi yomweyo, tengani umboni, musadikire kukafotokoza pa Nyamapanda masiku atadutsa. Ndipo mukatuluka onetsetsani kuti chikalata chatsekedwa mu kompyuta. Chikapanda kutsekedwa, bondi ya ejenti imakhala yogwidwa, ndipo thiraki yotsatira ya anthu ena osalakwa imalephera kunyamuka pa Beitbridge.

Lachinayi

M'mawa tinali ku Msasa, mbali ya msewu wa ku Mutare, kumene mathanka amafola kudikira mafuta. Mafuta ambiri a Zimbabwe sabwera pa matayala. Amatsika m'sitima padoko la Beira, kulowa m'paipi ya pafupifupi makilomita 300 kukafika ku Feruka pafupi ndi Mutare, kenako paipi ina ya makilomita 200 ndi pang'ono imawafikitsa kuno. Nkhokwe zake zili ku Msasa ndi ku Mabvuku, ndipo zimayang'aniridwa ndi National Oil Infrastructure Company. M'paipi imodzi yomweyo mumayenda dizilo ndi petulo motsatizana, gulu ili likatha linalo pambuyo, ndipo pang'ono posakanikirana pamapatulidwa.

Mmalawi akaima apa mtima umawawa. Kwathu paipi kulibe. Pafupifupi lita iliyonse yogulidwa ku Kanengo kapena ku Ndirande yabwera pa thanki kuchokera ku Beira kapena Dar es Salaam, kapena pa njanji kuchokera ku Nacala. Thanki imodzi imanyamula malita pakati pa 35,000 ndi 40,000, imawotcha dizilo wake popita ndi pobwera, ndipo imabwerera yopanda kanthu chifukwa mu thanki ya petulo simungaikemo nandolo. Nkhokwe za mafuta za kampani ya boma ya NOCMA ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu zimasunga malita 60 miliyoni zonse pamodzi, koma kuti zidzaze pamafunika mathanka oposa 1,500. Msewu wa ku Beira ukatsekeka, monga zidachitikira pa zionetsero zotsatira chisankho cha ku Mozambique kumapeto kwa 2024, mizere ya pa mafilingi siteshoni kwathu imatalika m'masiku ochepa.

Masana tadutsa pa siteshoni ya sitima pa Kenneth Kaunda Avenue n'kukafika ku Lochinvar kumene amalumikizira mabogi. Njanji yochokera ku Beira idafika mumzinda uno mu 1899. Kukula kwake ndi mamilimita 1,067, chimodzimodzi ndi ya Malawi, Mozambique, Zambia ndi South Africa, kutanthauza kuti bogi yopakiridwa pano ikhoza kuyenda m'mayiko onsewa osatsitsa katundu. Bogi imodzi imanyamula matani pafupifupi 40. Sitima ya mabogi 30 ndi matani 1,200, katundu wa mathiraki 40. Mu 1983 njanji ya pakati pa Harare ndi Dabuka kufupi ndi Gweru idaikidwa magetsi. Mawaya ake adabedwa kalekale ndipo mitengo yake yangoima. Katundu wolemera amene amayenera kukhala pa njanji, monga chrome, miyala, malasha ndi feteleza, wambiri ali pamsewu, ndipo msewu ukuonetsa.

Kuchokera pano kukafika ku Limbe pa njanji njira yachidule kulibe. Umayenera kutsikira ku Mutare, kuwoloka pa Machipanda, kukafika ku Dondo pafupi ndi Beira, n'kukhotera kumpoto pa njanji ya Sena, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana wa 1935, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, n'kulowa kwathu pa Marka ku Nsanje. Madzi adadula njanjiyi pa Chiromo mu 1997. Mbali ya Mozambique ya Beira mpaka Machipanda idakonzedwanso n'kutha mu 2023. Chigawo cha m'chigwa cha Shire chitalumikizika mpaka ku Limbe, feteleza ndi mafuta a ku Beira akadatsika mtengo kuposa mmene kukonza msewu uliwonse kungachitire, ndipo ife timaona kuti ntchito imeneyi ndi yoyenera kuikidwa patsogolo pa zambiri zimene zimatchulidwa pa misonkhano.

Lachisanu

Tatuluka mumzinda mbandakucha kutsatira msewu wa A2 mpaka pa Nyamapanda n'kubwerera. Umadutsa Murewa, Mutoko ndi Kotwa. Mpaka ku Mutoko, pafupifupi makilomita 140 kuchokera ku Harare, dziko ndi la mapiri a miyala ikuluikulu, ndipo tinkakumana ndi malole a tomato opita ku Mbare. Tinkakumananso ndi mathiraki onyamula mabuloko a mwala wakuda wa granite umene amakumba m'derali n'kuutumiza kunja. Mwala umodzi umadzaza thirela. Sungaugawe ngati matumba, ndiye ukakhala molakwika palibe chosuntha, ndipo mizere iwiri yolowa pansi imene matayala akumba pa tara ikufotokoza zotsatira zake. Mu mizere imeneyi mvula ikagwa madzi amaima, tara imang'ambika, dzenje limayamba.

Kupitirira Mutoko msewu umatsika, kumatentha, malambe amayamba kuoneka. Dalaivala amene wachoka ku Harare akunjenjemera ndi kuzizira amakafika ku Tete, m'mbali mwa Zambezi, kuli ng'anjo. Kusintha uku kumadya matayala ndi mabuleki. Mpweya wa m'matayala muuyeze m'mawa akadali ozizira, ndipo akatentha masana musawaphwetse poganiza kuti achuluka. Akazizira amakhala ochepa, tayala limapindika, limatentha kwambiri mawa lake n'kuphulika. Pa matayala apawiri, lamkati ndi limene limaiwalika. Potsetsereka gwiritsani ntchito giya yotsika ndi buleki ya injini, phazi lipume, chifukwa mabuleki otentha sagwira. Ng'ombe ndi mbuzi pamsewu uwu n'zambiri, ndipo usiku ngolo za ng'ombe zilibe nyali.

Pa Nyamapanda mzere wa mathiraki unayambira patali ndi chipata. Mzere wautali sutanthauza kuti onse akudikira kasitomu. Ambiri akudikira despachante wa tsidya lina, ena akudikira bwana atumize ndalama za msewu, ena galimoto yafa. Amene mapepala ake a Mozambique ali okonzeka amawoloka n'kuwasiya pomwepo. Dalaivala akhale ndi pasipoti yokhala ndi masamba opanda chidindo, laisensi, bulubuku ya hosi ndi ya thirela, kalata ya mwini galimoto yomulola kutuluka nayo, chilolezo chonyamulira katundu kunja, ndi satifiketi yosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda. M'kabini mukhale matirayango awiri, chovala chonyezimira ndi chozimitsira moto chimene tsiku lake silinathe. Apolisi a pamsewu amayambira pa zimenezi.

Tsidya linalo, pa Changara, msewu wochokera kuno umakumana ndi wochokera ku Beira wodzera ku Catandica ndi Guro. Kuyambira pamenepo katundu wa ku Durban, wa ku Harare ndi wa ku Beira wopita ku Malawi amayenda msewu umodzi, pamodzi ndi wina wopita ku Zambia kudzera pa Cassacatiza. Onsewa ayenera kuwoloka Zambezi ku Tete. Mlatho wakale wolendewera wa Samora Machel, wa 1973, udausenza mtolowu wokha kwa zaka zambiri; kuyambira 2014 magalimoto olemera amadzera pa mlatho wa Kassuende kumunsi kwake. Ukadutsa Moatize, kwawo kwa malasha, umayamba chikweza cha ku Zobue, ndipo wopita ku Lilongwe amakhotera ku Calomue kukalowera pa Dedza. Chiyankhulo sichivuta. Chinyungwe cha ku Tete Mchewa amachimva, ndipo pa Zobue anthu amayankhula ngati kwathu komwe.

Achikulire amene adayenda msewu uwu m'zaka za nkhondo ya ku Mozambique amaukumbukira mwa mtundu wina. Njanji za ku Beira ndi Nacala zitadulidwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, katundu wa Malawi adayamba kuzungulira ku Durban, ndipo pa Tete mathiraki ankayenda pa mdipiti woperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe. Mtendere udasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992. Chizolowezi chodalira msewu ndi doko lakutali chimene chidayamba nthawi imeneyo sichidatheretu mpaka lero.

Loweruka

Kummwera kwa mzinda, pamene padali raundabauti ya Mbudzi yodziwika ndi kuthithikana, tsopano pali milatho yodutsana imene idatsegulidwa mu 2025. Apa ndi polowera katundu yense wochokera ku Beitbridge, makilomita pafupifupi 580 kudzera ku Masvingo. Chipata cha Beitbridge chidamangidwanso n'kutha mu 2022, ndipo mathiraki, mabasi ndi magalimoto ang'onoang'ono tsopano ali ndi malo awoawo. Taima pamwamba n'kumawerenga manambala a magalimoto: a South Africa, a Zambia, a Congo, a Malawi. Opita ku Zambia ndi Congo amalunjika ku Chirundu, kumene kuyambira mu Disembala 2009 maofesi a mayiko awiri amagwirira ntchito pamalo amodzi, thiraki n'kuima kamodzi m'malo mwa kawiri. Pa Mchinji ndi Mwami zoterezi zidayamba mu 2022. Njira ya Tete, yokhala ndi maboda awiri otsatizana, ndi imene ikuzifuna kwambiri.

Funso limene amalonda a kuno amatifunsa kawirikawiri ndi la doko: katundu wa ku China adzere kuti? Kuchokera ku Durban kukafika ku Blantyre ndi makilomita oposa 2,000 ndi maboda atatu. Kuchokera ku Beira ndi pafupifupi 800 ndi boda imodzi, ndipo kufika ku Harare kuno ndi pafupifupi 560 kudzera pa boda ya Forbes ku Mutare. Durban ndi doko lalikulu, sitima zimafika pafupipafupi, ndipo ngati katundu wina mukugula ku Johannesburg njirayi ili ndi nzeru. Beira, imene kampani ya Cornelder de Moçambique yakhala ikuyendetsa kuyambira 1998, ili pa mathiriro a mtsinje wa Pungwe. Mchenga umadzaza ngalande yolowera, imafuna kukumbidwa nthawi ndi nthawi, ndipo sitima zikuluzikulu zimadikira madzi akwere. Dzinja chigwa cha Pungwe chimasefukira, ndipo mu Malichi 2019 namondwe Idai adadula msewu wa N6 n'kuononga mzinda. Nacala ndi doko lakuya mwachilengedwe, lili ndi njanji yolowa kwathu pa Nayuchi mpaka pa Nkaya, ndipo kwa katundu wochuluka wosathamangira monga feteleza ndi tirigu ndi loyenera kuliganizira poyamba.

Poyerekeza mitengo musayang'ane ndalama ya sitima yokha. Kontena si yanu, ndi ya kampani ya sitima, ndipo imakupatsani masiku owerengeka aulere. Akatha, tsiku lililonse kontena ili padoko mukulipira, doko nalo likulipiritsa malo, ndipo ikatuluka wotchi ikuyendabe mpaka yopanda kanthu itabwerera kumene adakuuzani. Kwa munthu wa ku Blantyre kapena Lilongwe ulendo wobweza umenewo ndi wautali. Pemphani masiku owonjezera musanalipire sitima, alembedwe pa bill of lading, chikalata cha katundu chochokera ku kampani ya sitima. Chikalatachi chifike kwa ejenti sitima isanakocheze, ndipo chisonyeze kuti katundu akungodutsa kupita ku Malawi. Mawu amenewa akasowa, kasitomu ya padoko imamuona ngati katundu wa m'dziko momo, ndipo kukonza manifesiti ya sitima kumatenga masiku amene mukulipira.

Chinanso ndi katundu wobwerera. Thiraki yopita ku Malawi ndi simenti n'kubwera ndi tiyi wa ku Thyolo, fodya, soya kapena nandolo imatchipa mbali zonse. Yobwera yopanda kanthu, wotumiza woyambayo ndi amene amalipira dizilo wa ulendo wonse. Nyengo ino ya misika ya fodya, kuno ku Willowvale ndi kwathu ku Kanengo ndi Limbe, katundu wobwerera amapezeka, ndipo ndi nthawi yabwino yonenerera mtengo.

Lamulungu

Mzinda uli zii. Titatuluka m'tchalitchi ku Mufakose, kumene nyimbo zina amaimba m'Chichewa, tadzera ku yadi ya ku Southerton kukaona thiraki ya matumba 600 ija. Mapepala ake a Mozambique atuluka dzulo madzulo. Dalaivala tamupeza akuzungulira galimoto ndi chitsulo m'manja, akugogoda tayala lililonse, lakunja ndi lamkati, kumvera kulira kwake. Wakhetsa madzi m'matanki a mpweya, wakoka malamba onse a tenti chifukwa matumba akakhazikika malamba amalefuka, wayang'ana mapaipi awiri a mpweya olumikiza hosi ndi thirela, wayatsa nyali mnyamata wake akumuuza kumbuyo zimene zayaka. M'kabini muli chigubu cha madzi cha malita 20, ufa, usipa wouma, kambaula, ndi envulopu itatu: ya Zimbabwe, ya Mozambique, ya Malawi.

Akunyamuka 4 koloko m'mawa kuti atuluke mumzinda magalimoto asanachuluke ndipo akafike pa Nyamapanda dzuwa lisanakwere. Ejenti wa pa Mwanza wamuimbira kale kumuuza nambala ya hosi ndi ya thirela, ndipo waziwerenga kawiri akuyang'ana pa mbale zake.